Tsiku Limene Wamabuku Anadzawerengera Amayi

Mzime anafika patsamba lomaliza mawu atatsala pang'ono kumuthera. Anameza malovu, nawerenga mizere yotsalayo monong'ona. Zombo zinali zitabwerako kunkhondo, mnyamata wosoka matanga a zombozo anatsika dzanja litamangidwa nsalu, ndipo mwana wamkazi wa mwini zombo ankamudikira padoko, nsapato zili m'manja chifukwa kwawo anachita kuthawa.

"Yathera pomwepo," anatero, natseka kabukuko.

Amayi anali pampando wawo wapazenera, nkhope italoza kumene kunkachokera dzuwa. Maso awo anasiya kuona matenda a shuga atawalowerera, koma kutulutsa misozi sanasiye. Anadzipukuta ndi nsonga ya mpango.

"Nanga bambo ake aja, avomera?"

"Buku silinanene."

"Nkhalamba youma mtima. Mwana akukuuza kumene kuli mtima wake, iwe maso ali pa zombo. Adzapita nazo kumanda zombozo?"

Mzime anatambasula miyendo pampando wina. Lamulungu masana ndiyo inali nthawi yokha imene miyendoyo inkapuma. Masiku ena onse ankaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kusita malaya a eni pamalo ochapira zovala, ndipo akafika kunyumba ankapeza mankhwala a Amayi, madzi osamba a Amayi ndi buku la Amayi zikumudikira. Akulu ake onse anali m'mabanja mwawo. Iye, wobadwa kumapeto, ndiye anatsala, ndipo zaka makumi atatu anazidutsa ali pakhomo pomwepo.

Timabukuto tinali topyapyala, ta mapepala achikasu onunkha fumbi, nkhani zake zonse za makedzana, nthawi ya ngolo za akavalo ndi nyale zamafuta. Poyamba ankatiwerenga yekha m'basi. Ankatikonda chifukwa sitinkazengereza: mavuto ayamba lero, mawa madzulo atha, anthu akwatirana. Chimodzi chokha chinkamuvuta, kuti madiresi ataliatali a akazi a m'nkhanizo ankasita ndani, popeza wosita sankatchulidwa ngakhale kamodzi.

Tonseto tinkachokera kwa munthu mmodzi, wamabuku wa padepoti ya basi. Miyezi ingapo yapitayo munthuyu anafika pakhomopo atavala jekete, kudzanena kuti akufuna kumanga banja ndi Mzime. Achimwene, omwe ankayankhula m'malo mwa malemu Bambo, anamukana ali chiimire. Munthu woyala malonda pansi ngati tomato, mkazi anamuthawa kalekale, kanyumba kalendi ka chipinda chimodzi. Amayi anangoti, "Mwamva zimene wanena mwana wanga wamkulu."

"Amayi," anatero Mzime tsopano, "mwini zomboyu mukumunyoza chonchi, inuyo mukusiyana naye pati?"

"Za m'buku n'za m'buku. Mtsikana ameneyo analibe mayi wosaona woti amugwire dzanja popita kubafa."

"Ndani wanena kuti ndikusiyani?"

"Onse amatero. Mkulu wako wamkazi ankateronso, lero timamuona pakagwa maliro." Amayi anafufuza ndodo yawo pambali pa mpando. "Mawa ukatenge lina. Lisakhale la nkhondo, ndatopa nawo anthu obwerera ndi mabala."

Mzime anaseka kuseka kopanda mphamvu. Wamabukuyo Amayi sankamufuna, koma mabuku ake ankawafuna.

* * *

Akutsuka mbale madzulo, foni inanjenjemera pashelufu. Anali wamabuku.

"Wamaliza la wosoka matanga lija?"

Anapukuta manja pasiketi nayankha. "Ndamaliza. Amayi alira."

"Nanga iwe?"

"Ine misozi inandithera kale. Mawu nawonso akutha."

Foni inaonetsa kuti munthuyo akulemba. Anasiya, nayambanso, nasiyanso. Kenako unafika uthenga waufupi. "Pali nkhani yoti ndikuuze. Si ya pafoni."

"Yabwino kapena yoipa?"

"Ubwere mawa."

Mzime anayang'ana mawuwo kwa kanthawi. Anaganiza kuti mwina munthuyo watopa kudikira, ndipo anadabwa kuti mumtima mwake simunabwere mkwiyo. Nayenso akanakhala iye bwenzi atatopa.

* * *

Lolemba ataweruka anadzera kudepoti. Mabasi ankafuka utsi, makondakitala akulimbirana anthu, ndipo pakona pa mpanda, pansi pa khonde la sitolo yotsekedwa, mabuku anali atayalidwa papulasitiki yakuda, miyala itatsendera m'makona. Wamabuku anali atanjuta akusanja. Sabata imodzi yokha anali ataonda, ndevu zosameta, maso ofiira ngati munthu wogona panja.

Pakireti pamene Mzime ankakhala nthawi zonse panali munthu wina. Anali mwini saluni ya tsidya la msewu, amene depoti yonse inkamutcha Mawigi chifukwa tsitsi la dzulo silinkafanana ndi la lero. Tsikuli linali lofiira, lofika m'chiuno. Buku linali pamwendo pake, fulasiki ya tiyi pambali.

"Fikani, asisi," anatero Mawigi osasuntha. "Mwadzabweza la matanga lija? Amakwatirana, musavutike."

"Ndamaliza kale."

"Ine ndimayamba ndi tsamba lomaliza. Ndikaona kuti zithera pabwino, ndiye ndimabwerera koyamba. Zodikira ine ayi. Munthu ungakalambe ukudikira."

Mzime anapereka bukulo kwa mwini wake.

"Wafika," anatero wamabuku.

"Ndafika. Amayi akufuna lina, lopanda nkhondo."

Anafufuza m'katoni natulutsa kabuku ka chikuto chong'ambika pakona. Pachikutopo panali mkazi wovala zakuda ataima pakhomo, ngolo ili kumbuyo kwake. "Ili n'la mkazi wamasiye wosunga nyumba ya alendo. Nkhondo ilimo pang'ono, koma ili kutali." Anatsitsa mawu. "Tiye tiyendeko pang'ono, ndikuuze ija."

"Pitani, ndikuyang'anirani," anatero Mawigi. "Ndazolowera. Paja masiku ano mabukuwa amagona kwanga." Anayang'ana Mzime, kenako wamabuku, ngati wodabwa. "Simunawauze? Akamathamangira kwawo madzulo amandisiyira makatoni, ndimatsekera m'saluni. Kiyi wina ndinawapatsa."

"Mukumathamangira chiyani madzulo?" anafunsa Mzime.

Wamabuku anamva kuti *iwe* wasanduka *inu*, ndipo nkhope yake inagwa. "Ndi zomwezo ndikufuna kukuuzazi. Koma osati pano."

"Koma awa akudziwa."

Wamabuku anabweza buku la matanga lija m'katoni. Mawigi anatsegula fulasiki, nathira tiyi m'chivundikiro, namupatsa ndi manja awiri. "Imwani, simunalawe kanthu chiyambire m'mawa."

Mzime anaika kabukuko m'chikwama. Miyendo inkamulemera ngati waimanso tsiku lina lathunthu. "Ndachedwa, Amayi ali okha," anatero. Wamabuku anamutsatira pang'ono, koma munthu wina anaitana atanyamula buku la sukulu, ndipo pomwe ankacheuka n'kuti Mzime atalowa kale m'basi.

* * *

Lachitatu mawu anatheratu. Chimfine ndi nthunzi ya nsimbi zinagwirizana, moti akatsegula pakamwa pankangotuluka mpweya. Bukulo linaima pamalo oipa: anthu anali atangonyamula dokotala wovulala wa asilikali a adani, kumulowetsa m'nyumba ya mkazi wamasiye uja.

Amayi anakana wailesi. Anakana kukhala padzuwa. Mankhwala anamwa modandaula.

"Ndiye munthuyo azingogona pabenchi magazi akutuluka mpaka iwe uchire?"

Mzime anakakhala pabedi natsegula mauthenga a wamabuku amene anali asanawagwire chiyambire Lolemba.

"Pakati pa ine ndi mayi wa saluni pali makatoni basi."

"Ndikudziwa kuti ndakulakwira pokhala chete."

"Yankha ngakhale liwu limodzi."

Analemba kuti, "Liwulo ndilibe, mawu andithera. Amayi akundisautsa ndi buku lanu."

Yankho silinachedwe. "Ndibwere Loweruka ndidzawawerengere. Ndikamaliza tidzakhale panja awiri, ndidzakuuze zonse. Ukamva udzasankha wekha."

Mzime anapita kwa Amayi, nawerama, nawanong'oneza m'khutu. Amayi anaseweretsa mutu wa ndodo ndi zala.

"Amadziwa kuwerenga, kapena amangogulitsa?"

Mzime anawafinya dzanja.

"Abwere. Buku lilibe mlandu. Koma adzakhale chapakhomo, ndipo mkulu wako asamve."

* * *

Loweruka, Mzime ataweruka, wamabuku anafika atameta ndevu, atavala jekete yomwe ija. Anavula nsapato pakhomo ngakhale panalibe womuuza, napereka moni atagwira bondo.

"Tili bwino," anatero Amayi mouma. "Dokotala ali pabenchi. Yambirani pamenepo."

Anakhala pakampando kopanda chotsamira, nanyowetsa chala, nayamba. Sankathamanga. Mkazi wamasiye anamupatsa mawu otsika, ouma, a munthu amene waika maliro ambiri. Dokotala ankayankhula mopumira chifukwa cha bala. Apongozi a mkaziyo, nkhalamba yogona m'chipinda chapamwamba, ankagogoda pansi ndi ndodo, ndipo wamabuku nayenso ankagogoda mwendo wa kampando ndi chikhatho. Poyamba Amayi anapinda manja pachifuwa. Asanathe masamba ambiri anali atasendera kutsogolo kwa mpando.

"Asamupatse msuzi ameneyo. Ndi mdani."

"Wamupatsa kale, Amayi."

"Akazi ena mtima wawo ndi wa mpeni, sachedwa kubwerera kuchala."

Mzime anali atakhala pansi, msana atatsamira khoma la kukhitchini. Panalibe womuitana. Madzi anali atatungidwa, mankhwala atamwedwa, malaya a eni anali kutali. Anatseka maso. Anaona msewu wamatope, akavalo akufuka nthunzi m'mphuno, nyale ikulendewera pakhomo pa nyumba ya alendo. Chibadwire anali asanawerengeredwepo ndi munthu, ndipo sankadziwa kuti nkhani imakoma chonchi ukamangoilandira, pakhosi posawawa. Mapewa ake anatsika okha.

Wamabuku anafika pamene nkhondo ya m'bukumo inatha. Dokotala anapempha mkazi wamasiye kuti apite naye kwawo, ndipo mkaziyo anakana, popeza nkhalamba ya m'chipinda chapamwamba inalibe wina.

"Imani kaye," anatero Amayi. "Inu mukanakhala dokotalayo, mukanatani?"

Wamabuku anaika chala pamzere umene anaimira. "Ndikanafunsa ngati m'nyumbamo muli malo a munthu wina mmodzi. Ine katundu wanga ndi makatoni basi."

"Makatoni amabweretsa mphemvu."

"Ndimawakutumula tsiku lililonse, Amayi."

Milomo ya Amayi inagwedezeka pang'ono. Anatembenuzira nkhope kukhitchini. "Mzime, alendo akhala bwanji pakampando kothyola msana? Tenga wa malemu bambo ako uja. Uikenso madzi a tiyi."

Mzime anadzuka mofulumira kuposa mmene anadzukirapo sabata yonseyo.

* * *

Madzi asanawire, galimoto inaima panja. Mapazi a Achimwene ankadziwika, olemera, okoka chidendene. Kumbuyo kwawo kunali alamu, akazi awo, tsitsi longoluka kumene likunyezimira mafuta.

Achimwene anaima pakhomo. Anayang'ana nsapato zimene zinali pamenepo, kenako mpando wa malemu Bambo ndi munthu amene anaukhalira. Sanakweze mawu. Nawonso ankaoneka otopa.

"Ndinabwera kudzachenjeza mlongo wanga. Sindinkadziwa kuti ndipeza mwini nkhani ali pampando wa Bambo."

"Ndamuitana ndine," anatero Amayi. "Akundiwerengera."

"Mwaitana munthu wapabanja, Amayi. Mufunseni kuti akachoka pano akapeza ndani m'chipinda chake chimodzi chija."

Alamu anakonza chikwama paphewa, maso ali pansi. "Ndamva lero kusaluni ya kudepoti. Mwini wake wandiuza yekha akundiluka. Akuti depoti yonse ikudziwa."

Mzime anali ataima pakhomo la kukhitchini, makapu ali m'manja. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma panangotuluka mpweya. Anayang'ana wamabuku, kudikira kuti aseke, kapena akwiye, kapena anene kuti Mawigi ndi wabodza.

Wamabuku anaimirira. "N'zoona," anatero. "Mkazi amene anandisiya uja wabwera. Anafika sabata yatha, anthu anachita kumutsitsa m'basi chifukwa sankatha kuima. Anafunsa za ine padepoti pomwepo. Kuchipatala anamugoneka masiku ochepa n'kunena kuti apite kunyumba. Kwawo kulibe wotsala. Ndinamutenga. Iye amagona pabedi, ine ndimayala pakhonde."

"Mlongo wangayu munamuuza kuti banja linatha," anatero Achimwene.

"Linatha. Anachoka osatsanzika, zaka zonsezi sindinkadziwa kumene ali."

"Kukhoti munapita?"

"Ndikanapita ndi ndani?"

"Ndiye ndi mkazi wanu."

M'khitchini ketulo inayamba kulira, ndipo palibe anasuntha mpaka alamu anadutsa pambali pa Mzime kukaiphula.

Amayi ndiwo anayankhula, mawu awo atachepa. "Munthu wodwala satayidwa panja. Pamenepo simunalakwe, bambo." Anapuma. "Koma mwana wangayu wasamala odwala mokwanira. Ikani bukulo patebulo. Mzime, perekeza alendo."

* * *

Anayenda mpaka pageti osayang'anana. Kumsewu kunkadutsa anthu ochokera kumsika ndi majumbo awo. Wamabuku anali asanamange zingwe za nsapato, ndipo sanawerame kuti amange.

Mzime anatulutsa foni, nalemba, namuonetsa. "Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa Lolemba."

Analembanso. "Lolemba n'kuti awa a saluni akudziwa kale."

"Iwo analipo pamene ankamutsitsa m'basi. Sindinawauze ndine." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndinkaopa nkhope imene ukundiyang'ana nayoyi. Ndinkati ndidikire kaye ndione ngati achira, ndidziwe choti ndikuuze. Sabata yatha ndikudikira, ndipo sindikudziwabe."

"Achira?"

"Madokotala sakunena. Masiku ena amamwa tiyi n'kucheza. Masiku ena sandizindikira." Anayang'ana kumsewu. "Sindimukonda, Mzime. Chimenecho chinafa kale. Koma ndikamumwetsa madzi sindingathenso kumuda."

Mzime ankadziwa zimenezo kuposa munthu aliyense. Ankadziwa kulemera kwa mutu wa wodwala padzanja, fungo la nsalu zogonera, tulo todukizadukiza. Chinamuwawa n'chakuti sankatha kumukwiyira mokwanira. Akanakhala kuti wamupeza ndi Mawigi, bwenzi atatseka geti n'kukagona.

Analemba kuti, "Pitani, akukudikirani," koma asanamuonetse, wamabuku anayankhulanso.

"Pali china. Mkaziyo akudziwa za iwe. Ndinamuuza tsiku loyamba lomwe, kuti asayembekeze zimene kulibe." Anazengereza. "Akufuna kukuona. Mawa, uli wekha, ine ndisakhalepo. Akuti ali ndi chopempha, ndipo sangandiuze ine chifukwa ndikachimva ndikana."

Mzime anamuyang'ana.

"Sindikudziwa kuti n'chiyani. Ndamufunsa, amangotembenukira kukhoma. Ukakana ndimvetsa. Ndikanakhala iwe ndikanakana."

Kumbuyo kwawo chitseko chinatseguka. Achimwene anaima pakhonde manja ali m'thumba, akudikira kuti mlongo wawo abwerere. Mawa linali Lamulungu, tsiku lake lokhalo lopuma. Mzime anafufuta zimene analemba zija. Kenako analemba mawu awiri natembenuzira foniyo kwa wamabuku.

"Nthawi yanji?"